Musanavomere buff pa car wash, dziwani komwe kuwalako kukuchokera

Chaka chatha ndinagula kagalimoto kakuda kochokera ku Japan, kolowera pa Dar es Salaam monga momwe ambirife timachitira. Kanali kabwinobwino, koma kakaima padzuwa penti wake ankaoneka ngati ukonde wa kangaude, timizere tozungulira ponseponse. Tsiku lina ndili pa car wash ina m'tauni muno, mnyamata wina anandipeza atanyamula makina opolishira. "Bwana, tiimenye buff imeneyi, ituluka ngati yatsopano." Ndinavomera. Patatha maola awiri ndinkadziona nkhope pachitseko. Ndinajambula, n'kuponya pa status, anzanga n'kumati ndagula ina.

Chimwemwecho chinatha pamasabata atatu. Nditangoitsukitsa kangapo, timizere tija tinabwerera. Panaonjezekanso zangati mitambo zomwe zimayenda ukamasuntha mutu, ndipo m'mphepete mwa boneti munatuluka kamalo kotuwa. Apa ndi pomwe ndinayamba kufufuza kuti kodi makina aja amatani kwenikweni, nanga zomwe zimalembedwa pamabotolo zija n'zoona?

Tiyambire pa penti yemweyo. Galimoto zambiri zamasiku ano zili ndi penti wosanjikiza. Pansi pali primer wogwira chitsulo, kenako penti wa mtundu womwe mumauona, ndipo pamwamba pali wina woonekera ngati galasi, wotchedwa clear coat, yemwe amisiri openta amangoti clear. Kuwala konse kuli pa clear ameneyu, ndipo ndi yemwenso amatchinjiriza mtundu kuti usawauke ndi dzuwa. Nkhani ndi yoti ndi wopyapyala zedi. Amamuyeza m'ma micron, ndipo micron imodzi ndi milimita imodzi yogawidwa ka 1,000. Penti yense wa kufakitale amakhala cha m'ma micron 100 mpaka 150, pomwe clear payekha nthawi zambiri amakhala pakati pa 35 ndi 50. Pepala la A4 lomwe timapangira fotokope ndi lokhuthala pafupifupi ma micron 100. Ndiye clear yense wa galimoto yanu sakuposa theka la pepalalo.

Tsono timizere tija ndi timaenje tating'ono tokandika pa clear. Kuwala kwa dzuwa kukagunda m'mphepete mwa timaenjeti kumamwazika, n'chifukwa chake galimoto imaoneka yozilala. Polishi wa makina sakwirira timaenjeti ayi. Muli timchenga tosalala kwambiri tomwe timapala clear wozungulira mpaka afanane ndi pansi pa kadzenjeko. Zili ngati kusalaza bwalo pokumba malo onse okwera mpaka afanane ndi malo otsika. Bwalo limasalala ndithu, koma dothi lachoka. Buff iliyonse imadya ma micron angapo, ndipo clear wapita sabweranso. Ukamamenya buff mwezi ndi mwezi, tsiku lina umangoona penti wayamba kutuwa ndi kusupuka, makamaka padenga ndi paboneti pomwe dzuwa limamenya kwambiri.

Makina nawonso ndi amitundu iwiri. Pali rotary, yomwe imangozungulira malo amodzi ngati grinder. Imapala msanga, imatenthetsa penti, ndipo m'manja mwa munthu wothamangira galimoto yotsatira imasiya mitambo ija kapena kuboola clear m'makona momwe penti amakhala wochepa kale. Kamalo kotuwa ka paboneti yanga kanabwera choncho. Ina ndi dual action, yomwe imazungulira kwinaku ikugwedera, motero siunjika kutentha pamalo amodzi. Imachedwa, koma ngozi yake ndi yochepa. Sikuti rotary ndi yoipa. Amisiri odziwa ntchito amaigwiritsa bwinobwino, koma imafuna dzanja lozolowera, siponji yoyera, komanso kumalizitsa ndi polishi wosalala.

Nanga n'chifukwa chiyani timizere tanga tinabwerera? Apa ndi pomwe pali chinyengo cha m'botolo. Mankhwala ambiri olembedwa kuti amachotsa zokandika muli mafuta ndi zina zongodzaza timaenje tija kwakanthawi. Ali ngati ufa wodzola kumaso: zipsera zabisika, koma zikadalipo. Madzi ndi sopo zikatsuka mafutawo, zonse zimaonekeranso. Amisiri achilungamo akamaliza kupolisha amapukuta kachigawo ndi alcohol wosungunula ndi madzi kuti mafuta achoke, n'kuunika ndi tochi kuti aone ngati mizere yachokadi. Inunso mutha kupempha kuti akuchitireni zimenezi musanalipire.

Pali njira yapafupi yodziwira ngati chokandika chingatheke. Yendetsani chikhadabo mopingasa pamzerewo. Chikakodwa, ndiye kuti mzerewo ndi wakuya, mwina wadutsa clear yense. Mukaona mtundu wotuwa kapena chitsulo pansi pake, iwalani za polishi. Palibe botolo lomwe lingabwezeretse penti pamenepo, pakufunika kupentanso. Chimodzimodzi ngati clear wayamba kale kusupuka ngati khungu la njoka. Wina akakuuzani kuti mankhwala ake athetsa zimenezo, akungofuna ndalama zanu.

Tibwere ku wax. Ameneyu sanama kwambiri, bola mudziwe malire ake. Ndi kachikuto kopyapyala kokhala pamwamba pa clear, kothandiza kuti madzi azitsetsereka komanso fumbi lisamamatire msanga. Amatha pakapita masabata kapena miyezi yochepa, ndipo ndi dzuwa lathu la mu Okutobala amatha msanga kuposa zomwe botolo lalonjeza. Mukamatsukira sopo wa ufa wochapira zovala kapena wotsukira mbale, ndiye kuti mukumuchotsa nokha.

Chomwe chatchuka pa Facebook ndi TikTok pano ndi ceramic coating. Mumaona mavidiyo, wina akuthira madzi paboneti akuthawa okha, wina akumenyapo laita, mawu akuti 9H ali pamwamba. Zina mwa izi n'zoona. Ceramic weniweni amapangidwa ndi silica, amauma n'kumamatira pa clear, amakhalitsa kuposa wax, ndipo galimoto imatsukika mosavuta. Koma 9H ija si yomwe ambiri amaganiza. Ndi mulingo wa mapensulo, omwe aja a HB, 2H mpaka 9H. Zimangotanthauza kuti pensulo yolimba kwambiri sinakande poyesa. Pali mulingo wina wa miyala wotchedwa Mohs, pomwe diamond ali pa 10 ndipo quartz, yemwe ali mumchenga ndi m'fumbi la m'misewu yathu, ali pa 7. Pensulo ya 9H ili kutali kwambiri pansi pa quartz. Ndiye kamchenga kamodzi kali pachiguduli kakandabe galimoto ya ceramic. Chikutocho chimakhala cha micron imodzi kapena ziwiri basi, sichingaletse mwala wouluka pa M1 kapena kiyi wa munthu wanjiru. Komanso ma spray otchipa olembedwa kuti ceramic, ongopopera n'kupukuta, sali chimodzimodzi ndi ceramic wopakidwa ndi mmisiri pa penti wokonzedwa bwino. Amagwira ntchito ngati wax wabwinoko, osati zaka zambiri.

Chinandiwawa kwambiri n'choti mizere yambiri timaibweretsa tokha potsuka. Ndowa imodzi yamadzi akuda yatsuka matayala, yomweyo ikupita paboneti. Chiguduli chagwa pansi, achitola n'kupitiriza. M'mawa tikuthamangira kuntchito timapukuta fumbi pouma ndi kansalu. Konseko ndi kukhula penti ndi mchenga. Panopa ndimayamba ndathira madzi ambiri kuti fumbi litsike, ndimagwiritsa ndowa ziwiri, ina ya sopo wa galimoto ina yotsukuluzira nsalu, ndipo nsalu ya matayala siyandikira penti. Zitosi za mbalame ndi utomoni wa mitengo ndimachotsa tsiku lomwelo, chifukwa zikapsa ndi dzuwa zimadya clear.

Sindikunena kuti musapolishe. Galimoto yozilala ikapolishidwa kamodzi ndi munthu wodziwa, kenako n'kupakidwa wax kapena ceramic, imaoneka bwino kwa nthawi yaitali. Koma musanapereke kiyi, funsani kuti agwiritsa makina ati. Funsani ngati ali ndi kachipangizo koyezera kukhuthala kwa penti, popeza galimoto zambiri zomwe timagula ndi zoyenda kale ndipo sitidziwa kuti zinapolishidwa kangati kapena kupentedwanso pati. Auzeni ayambe kayesa pakamalo kakang'ono, apukute mafuta, muone limodzi padzuwa. Munthu woidziwa ntchito yake sangakwiye ndi mafunso amenewa.

Ine boneti ija ndinakapentetsa, ndipo ndalama yake inaposa kutali ya buff ija. Mtundu wake sunafanane ndendende ndi mbali zina, moti tsiku lomwe ndidzagulitse kagalimotoka ndikudziwa kuti wogula adzafunsa ngati kanachitapo ngozi. Mnyamata uja ndimamuonabe pa car wash paja ndi makina ake. Timapatsana moni bwinobwino, koma akati "Bwana, tiibwereze?" ndimangoti atsuke basi, ndipo nsalu ndimabweretsa yanga.