Mutu 7: Za Bwato la pa Chilwa ndi Kasungidwe Kake

Pakuti nyanja ya Chilwa ili yosazama, yopanda mtsinje wotulutsa madzi ake, ndiponso yozingidwa ndi madambo a njedza, makolo athu a ku Machinga, poona kuti chombo cholemera sichingathe kupyola m'matope otere, anasema bwato la mtengo umodzi, limene msodzi wa ku Mposa kapena ku Namanja amalikankha ndi nsungwi yaitali pokaonjola mono ndi kuvuula matemba, makumba ndi milamba. Momwemonso pa Shire, pomwe mtsinjewo ulekanitsa Liwonde ndi dziko la Balaka, nkhafi ndiyo inali mlatho wa anthu milatho isanamangidwe.

Koma bwato silibadwa padooko ayi, libadwira kunkhalango; ndipo mmisiri, atasankha mbawa yokhwima, ankaigwetsa ndi nkhwangwa, naikumba ndi kasemasema, akumagogoda m'mbali kuti khutu limuuze pamene thabwa lapyapyala mokwanira. Lero mitengo yotere yasowa, kotero kuti ena asema mango amene sakhalitsa m'madzi, ena akhoma maboti amatabwa. Ndipo Chilwa itaphwa mu 1968, mu 1995 ndi mu 2018, mabwato ambiri anang'ambikira padzuwa eni ake atabalalika.

Tsoka lotere linagweranso asodzi a ku Netherlands, amene pa nyanja yosazama ya Zuiderzee ankayenda ndi zombo zaphwatalala kunsi zotchedwa botter. Mu 1932, khoma la Afsluitdijk litatseka nyanjayo, madzi amchere anasanduka opanda mchere, nsomba zina zinatha, ndipo zombo zija zinayamba kuola. Komatu eni dziko sanakhutire ndi kuziika m'nyumba yosungira zakale ku Enkhuizen kokha. Ku Spakenburg anasunganso bwalo lokonzerapo zombo, kuti amisiri asaleke ntchito ndi kuti zombozo zizikwezabe matanga.

Apa ndipo pagona phunziro lathu, popeza mawu a akulu akoma akagonera: bwato logonekedwa pakhonde kuti alendo aziliona ndi chikuni chabe, koma cholowa chenicheni chili m'manja mwa wosema ndi mu mtengo umene sunadzalidwe. Chifukwa chake mafumu ndi makomiti a m'madooko achita bwino akapatula malo odzalapo mbawa, nalimbikitsa anyamata kukhala pambali pa amisiri okalamba iwo akali moyo.