OPHUNZIRA AMENE ANAPITA KUKAFUNSA ANCHITO

Inu amene mugwira nchito pansi pa mgodi mudziwa cifukwa cace munthu saloledwa kuboola thanthwe popanda madzi. Madzi agwetsa fumbi. Fumbi likalowa m'mapapo silituluka, ndipo libala nthenda ija adokotala aicha silicosis. Lero ndikuuzani za ku America, kumene nthendayi inapha anthu ambiri pa nchito imodzi.

M'caka ca 1930 anayamba kuboola phiri pa Hawks Nest, m'dera la West Virginia, kuti madzi a mtsinje apitemo kukapanga magetsi. Thanthwelo linali lodzala ndi silika, koma analiboola louma. Ambiri a anchitowo anali anthu akuda ocokera kumwera kwa dzikolo. Pofufuza mu 1936, Nyumba ya Malamulo inamva kuti anafa 476. Dr Martin Cherniack, powerenganso mu 1986, anapeza kuti sanacepere 764, pakuti ena anakafera kwao osalembedwa.

Nchito zoopsa zotere kawirikawiri zinagwera anthu a mitundu yocepa m'dzikomo, koma ofufuza matenda sanali kucokera m'mabanja ao. Pofuna kukonza ici, mu 2004 anayambitsa maphunziro ochedwa Occupational Health Internship Program, potsata nzeru ya Tony Mazzocchi, mtsogoleri wa yuniyoni, amene m'zaka za m'ma 1970 anali kutumiza ophunzira udokotala pakati pa anchito. Nthawi ya chuti, ophunzira a m'mayunivesite anatumizidwa awiriawiri kukakhala ndi mayuniyoni ndi mabungwe ena a anchito. Anafunanso makamaka ana a mitundu yocepa ija, ndi odziwa zinenero ziwiri.

Mwina mufunsa kuti, kodi makina sakwanira? Inde alipo. Wanchito amangidwa kapampu m'cuuno, kamene kakoka mpweya kupyolera m'sefa yokhala pafupi ndi pakamwa pace, ndipo pomaliza shifiti sefayo ayeza kulemera kwace. Koma sefa singakuuzeni kuti munthu avula cotsekera pamphuno masana cifukwa ca kutentha, kapena kuti abisa cifuwa cace poopa kucotsedwa nchito. Zimenezo munthu aulula kwa mwana wolankhula cinenero cace, amene atate wace anagwirapo nchito yonga yomweyo.

Pomaliza, ophunzirawo anayenera kusiyira anchito kanthu kowathandiza, monga pepala lofotokoza m'cinenero cao zoopsa zimene anazipeza.