Mfundo za m'thupi: chimene chimatheketsa mafupa kuyenda popanda kukhulana

PRETORIA – M'nyumba yosungiramo zinthu zakale ya Ditsong National Museum of Natural History mumzinda wa Pretoria muli mafupa a m'chiuno ndi a msana a cholengedwa chimene chinakhalako zaka zoposa mamiliyoni awiri zapitazo. Mafupawa, amene akatswiri amawatcha Sts 14, anawafukula Robert Broom ndi John Robinson m'mapanga a Sterkfontein mu 1947. Kaumbidwe ka chiunocho kanasonyeza kuti mwini wake ankayenda choimirira ndi miyendo iwiri.

Chimene chimatsala m'nthaka ndi fupa lokha, pakuti zofewa zonse zimawola. Komabe zofewazo ndizo zimachititsa kuti mfundo, kapena kuti malo olumikizirana mafupa, zigwire ntchito. Munthu wamkulu ali ndi mafupa 206. Ena, monga a chigaza, ndi olumikizana mosagwedezeka, koma a m'manja ndi m'miyendo amakumana m'mfundo zoyenda momasuka, zimene madokotala amazitcha synovial.

Mfundo yotere ili ndi mbali zinayi zikuluzikulu. Yoyamba ndi chicherewechere choyera ndi chosalala chimene chimakuta nsonga za mafupa. M'bondo chimakhala chochindikala mamilimita awiri mpaka anayi. Yachiwiri ndi kathumba kolimba kokuta mfundo yonse. Yachitatu ndi khungu lopyapyala la m'kati mwa kathumbako, limene limatulutsa madzi oterera ofanana ndi choyera cha dzira laliwisi. M'bondo labwino madziwa sadzaza n'komwe supuni ya tiyi, koma amakwana kufewetsa mfundoyo monga mmene girisi amachitira m'njinga. Yachinayi ndi minyewa yolimba yomanga fupa ndi fupa linzake kuti lisagweluke.

Akatswiri amagawa mfundozi m'mitundu isanu ndi umodzi malinga ndi kayendedwe kake. Chigongono chimapinda ndi kuwongoka mbali imodzi ngati chitseko. M'phewa ndi m'chiuno mutu wobulungira wa fupa umazungulira m'dzenje la fupa linzake ngati munsi mumtondo. Mafupa awiri oyamba a khosi amalola mutu kutembenuka munthu akamakana. Mfundo ya patsinde la chala chachikulu cha dzanja imathandiza kugwira khasu kapena cholembera. Ya pamene dzanja limakumana ndi mkono imapinda kutsogolo, kumbuyo ndi m'mbali, pamene timafupa ta m'kati mwa phazi timangotsetsereka pang'ono pa tinzake.

Chicherewechere chilibe mitsempha ya magazi. Chimalandira chakudya kuchokera m'madzi a m'mfundo: munthu akaponda, chimafinyika ngati chinkhupule, ndipo akanyamula phazi chimayamwa madzi atsopano. Ichi ndicho chifukwa chake mfundo imene yakhala nthawi yaitali osayenda imauma, ndiponso chicherewechere chikawonongeka sichichira msanga. Chilibenso mitsempha yomvera ululu, choncho chikhoza kuperepeseka kwa zaka zambiri mwini wake osadziwa. Ululu umayamba pamene fupa lapansi pake ndi kathumba kaja zakhudzidwa.

Matenda ambiri amene anthu amangowatcha nyamakazi amasiyana malinga ndi mbali imene yagwidwa. Ofala kwambiri ndi osteoarthritis, pamene chicherewechere chimatha chifukwa cha ukalamba, kunenepa kwambiri, kuvulala kwakale kapena ntchito yogwada ndi kunyamula zolemera, monga ya m'migodi ndi m'minda. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO likuti mu 2019 anthu pafupifupi 528 miliyoni anali ndi matendawa, ndipo 365 miliyoni mwa iwo anali ndi vutoli m'mawondo. Mu rheumatoid arthritis, imene inali ndi anthu 18 miliyoni chaka chomwecho, chitetezo cha thupi chimaukira khungu lopyapyala lija. Pa matenda a gauti, timibulu tosongoka ta asidi wa uric timaunjikana m'mfundo, kawirikawiri ya chala chachikulu cha phazi.

Choopsa mwamsanga ndi tizilombo tolowa m'mfundo kudzera m'magazi kapena pabala. Popeza kathumba kaja ndi kotsekeka, mafinya amasowa potulukira ndipo akhoza kuwononga chicherewechere m'masiku ochepa chabe. Ana aang'ono ndiwo amagwidwa kwambiri. Kachilombo ka chifuwa chachikulu nakonso kamagwira chiuno ndi bondo, ngakhale kuti kamawononga pang'onopang'ono.

Mfundo imene yatheratu ikhoza kulowedwa m'malo ndi yopanga. Dokotala wa ku Britain, John Charnley, ndiye anakhazikitsa njira yamakono yoika chiuno cha chitsulo ndi pulasitiki mu 1962. Ku Pretoria maopaleshoni otere amachitika m'zipatala monga Steve Biko Academic Hospital, kumene ophunzira udokotala a University of Pretoria amaphunzirira ntchito. Ku Malawi, chipatala cha mafupa cha Beit CURE chinatsegulidwa ku Blantyre mu 2002, ndipo mu 2005 kunayambika kaundula wa odwala oikidwa mfundo zopanga. Komabe opaleshoniyi ndi yodula, ndipo anthu ambiri m'chigawo chino cha Africa sangaifikire.

Chotero kuteteza mfundo kumaposa kuikonza. Madokotala amalangiza kuyenda tsiku ndi tsiku, kulimbitsa minofu ya ntchafu ndi kuchepetsa thupi ngati lakula kwambiri. Koma mfundo ikatupa mwadzidzidzi n'kutentha, thupi n'kutenthanso, kapena mwana akakana kuponda mwendo kapena kunyamula mkono, wodwalayo afike kuchipatala tsiku lomwelo. Kutema mphini pamalo otupawo kumangochedwetsa chithandizo, ndipo kukhoza kulowetsa tizilombo tina m'thupi.