Kodi mumadziwa kuti ombwe amaphanso nsomba?

Madzi a masamba a ombwe, omwe anthu ambiri amapopera pa maluwa ndi pa ndiwo zamasamba pofuna kupha nsabwe za zomera, amaphanso nsomba ngakhale atakhala ochepa.

Masambawa ali ndi poizoni wa mtundu wa rotenone, yemwe amalowa m'thupi la nsomba pamene ikupuma m'madzi n'kuibanikitsa. Kale anthu ankasinja ombwe n'kumuthira m'madziwe kuti agwire nsomba, koma malamulo a Zambia amaletsa kusodza ndi poizoni.

Ku Chinzombo, m'boma la Mambwe, nkhaniyi ndi yaikulu. Malowa ali m'mphepete mwa mtsinje wa Luangwa, moyang'anana ndi South Luangwa National Park. Mvula imakokolera mumtsinjemo mankhwala opopera pa kapinga, ndipo usiku mvuu zimakwera kumtunda kudzadya udzu womwewo, imodzi makilogalamu pafupifupi 40.

N'chifukwa chake wosamalira maluwa wodziwa ntchito amayamba watembenuza tsamba n'kuyang'ana kunsi kwake. Akaona tizilombo tofiira ta madontho akuda, amasiya kaye mankhwala, pakuti kamodzi kamatha kudya nsabwe zokwana 50 pa tsiku. Nthambi yogwidwa kwambiri amaidula, ndipo nsabwe zikachepa amangowaza madzi a sopo.

Zikavutitsitsa amapopera mankhwalawo madzulo, mphepo itadeka ndiponso njuchi zitabwerera kumng'oma, atavala magolovesi ndi chotchinga pamphuno. Sipuleya amaitsukira kutali ndi mtsinje ndi chitsime, madzi otsukirawo n'kuwatayira m'dzenje.