Kuwerenga Chingerezi cha Tsiku ndi Tsiku m'Makomboni a Lusaka: Maziko Ake ndi Kaphunzitsidwe Kake

1. Mawu Oyamba

Munthu wokhala ku Kanyama, Matero, Chawama, Kalingalinga, Mtendere kapena George akhoza kutha sabata yathunthu osayankhula Chingerezi. Pamsika, m'basi ndi pampopi, Chinyanja cha m'tauni ndi Chibemba zimamukwanira. Koma munthu yemweyo sangathe tsiku limodzi osakumana ndi Chingerezi cholembedwa: pa botolo la mankhwala, pa khadi la mwana la kusikelo, pa lisiti la magetsi ndiponso m'mauthenga a ndalama obwera pafoni. Cholinga cha nkhani ino ndi kufotokoza luso limene wowerenga wotere ayenera kukhala nalo, ndi kusonyeza kuti lusoli limakhazikika pa zinthu ziwiri: kudziwa kuwerenga m'chiyankhulo chake, ndi mawu a Chingerezi amene amawagwiritsa kale ntchito m'maonekedwe a Chinyanja.

2. Chiyankhulo Chophunzirira Kuwerenga m'Zambia

Dziko la Zambia litalandira ufulu mu 1964, boma linasankha kuti ana aziphunzira m'Chingerezi kuyambira giredi 1. Mfundoyi inakhazikitsidwa ndi lamulo la maphunziro la 1966, pamene John Mwanakatwe anali nduna ya zamaphunziro, ndipo kusintha kwa maphunziro kwa 1977 sikunaichotse. Motero kwa zaka pafupifupi 30 mwana wa ku Chawama ankayembekezeka kuphunzira kuwerenga m'chiyankhulo chimene sankachimva.

Zotsatira zake zinaonekera m'kafukufuku wa Eddie Williams, amene anayerekeza ana a ku Zambia ndi a ku Malawi m'lipoti lofalitsidwa mu 1998. Pa nthawiyo ana a ku Malawi ankaphunzira m'Chichewa kuyambira sitandade 1 mpaka 4. Williams anapeza kuti pa kuwerenga Chingerezi magulu awiriwa sankasiyana kwenikweni, koma pa kuwerenga chiyankhulo chakwawo ana a ku Malawi ankaposa kwambiri anzawo a ku Zambia. Kunena kwina, zaka zoonjezera za Chingerezi sizinapindulitse ana a ku Zambia pa Chingerezicho, ndipo zinawamana mwayi wodziwa kuwerenga Chinyanja.

Ndondomeko ya Educating Our Future ya 1996 inalola kuti mwana ayambe kuwerenga m'chiyankhulo chimene amachidziwa. Kuchokera apa kunabwera Primary Reading Programme ya 1999, imene inali ndi New Breakthrough to Literacy m'giredi 1 ndi Step In To English m'giredi 2. Mu 2014 ziyankhulo za m'dzikomo zinakhala zophunzitsira kuyambira giredi 1 mpaka 4, koma ndondomeko ya maphunziro ya 2023 inabwezeretsa Chingerezi pa udindo umenewu. Tanthauzo la mbiriyi kwa mphunzitsi ndi lakuti akuluakulu a m'komboni imodzi anadutsa m'njira zosiyana. Agogo anaphunzira maphatikizo a Chinyanja kumudzi, mwana wawo analoweza ziganizo za Chingerezi, pamene mdzukulu analawa zonse ziwiri.

Palinso vuto lina la Lusaka. Chiyankhulo chimene chinapatsidwa kwa sukulu za mumzindawu ndi Chinyanja cha m'mabuku, chomwe ndi chofanana kwambiri ndi Chichewa cha m'chigawo cha kum'mawa. Koma mwana wa ku Mtendere amayankhula Chinyanja cha m'tauni, chosakanikirana ndi Chinsenga, Chibemba ndi Chingerezi. Mphunzitsi wosazindikira kusiyana kumeneku amayesa kuti mwana walephera kuwerenga, pamene chamulepheretsa ndi mawu achilendo.

3. Zolembedwa Zimene Anthu Amakumana Nazo

Chingerezi cha tsiku ndi tsiku si cha nthano kapena cha ndakatulo. Tikhoza kuchigawa m'magulu anayi.

Gulu loyamba ndi la zaumoyo. Pa mliri wa kolera umene unayamba mu Okutobala 2017, anthu oposa 5,000 anadwala mu Lusaka, ndipo Kanyama inali pakati pa madera ovutika kwambiri. Pa nthawi yotere mlingo wa kolorini wothira m'madzi ndiponso kasungunulidwe ka thanzi la m'paketi ndi nkhani za moyo ndi imfa, ndipo malangizo ake kawirikawiri amakhala m'Chingerezi.

Gulu lachiwiri ndi la ndalama: kutumiza ndi kulandira ndalama pa Airtel Money kapena MTN, ndi kugula mayunitsi a ZESCO, amene amabwera ngati nambala ya manambala 20 pakati pa mawu ena ambiri. Gulu lachitatu ndi la zikalata za boma, monga chitupa cha unzika ndi chilolezo chokhalira pamalo cha zaka 30, chimene chinayamba ndi lamulo la nyumba la 1974. Gulu lachinayi ndi la zikwangwani, zidziwitso za kusukulu ndi zolengeza ntchito.

Zolembedwa zonsezi ndi zazifupi, mawu ake amabwerezedwabwerezedwa, ndipo wowerenga amafunamo chinthu chimodzi: mlingo, tsiku, mtengo kapena chochita. Choncho luso lofunika ndi lofufuza mfundo imeneyo molondola.

4. Zopinga Zochokera m'Kalembedwe

Chinyanja chili ndi malembo a liwu asanu, ndipo lililonse limaimira liwu limodzi. Maphatikizo ake amathera ndi lembo la liwu. Munthu akadziwa ba, be, bi, bo, bu, wagwira mfundo yaikulu ya kuwerenga, yakuti lembo limaimira liwu. Mfundoyi siphunziridwa kawiri. Amalowa nayo m'Chingerezi.

Komabe Chingerezi chimaphwanya chiyembekezo chake m'njira zitatu. Poyamba, lembo limodzi limaimira maliwu angapo: "a" amamveka mosiyana mu "cat", "cake", "car" ndi "call". Kachiwiri, pali malembo olembedwa koma osatchulidwa, monga "h" mu "hour" ndi "p" mu "receipt", pamene "once" amayamba ndi liwu la "w" losalembedwa. Kachitatu, "l" ndi "r" sasiyanitsa matanthauzo m'Chinyanja, koma m'Chingerezi "light" ndi "right" ndi mawu awiri osiyana.

Apa mawu obwereka ndi chuma chimene aphunzitsi sachigwiritsa ntchito mokwanira. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Soweto amadziwa lisiti, chenji, balansi, buledi ndi kiliniki. Tanthauzo ali nalo kale; chimene chikusowa ndi kulumikiza mawu a m'khutu ndi maonekedwe ake papepala. Mphunzitsi akalemba kiliniki ndi "clinic" moyandikana, wophunzira amaona yekha kuti Chinyanja chinalowetsa "i" pakati pa malembo opanda liwu ndiponso kumapeto. Akaona malembo a liwu atalowetsedwanso mu buledi ndi "bread", sitampa ndi "stamp", wapeza lamulo limene lingamuthandize pa mawu ena ambiri.

5. Timawu Tating'ono

Ngozi yaikulu ili m'timawu timene sitinabwerekedwe. Chinyanja chinabwereka makamaka mayina ndi aneni. M'Chinyanja kukana kumakhala m'kati mwa mneni, monga mu musamwe ndi osamwa, pamene m'Chingerezi kumaima pakokha. Wowerenga wofulumira amazindikira "drink" nalumpha "do not". Chimodzimodzi "before" ndi "after", "once" ndi "twice", "from" ndi "to", "sent" ndi "received". Uthenga wa pafoni wonena kuti ndalama zatuluka umasiyana ndi wonena kuti zalowa ndi mawu amodzi kapena awiri okha, ndipo akuba a pafoni amadalira anthu osawerenga timawu timeneti. Pachifukwa ichi timawu totere tiyenera kuphunzitsidwa poyambirira, awiriawiri motsutsana, m'ziganizo zenizeni zochokera pa mapaketi ndi m'mafoni.

6. Zoyenera Kuchita Aphunzitsi

Choyamba, mphunzitsi ayese ngati wophunzira amawerenga chiyankhulo chilichonse. Amene amawerenga Baibulo kapena buku la nyimbo la Chinyanja asayambitsidwe pa alifabeti ngati mwana. Amene sawerenga konse ayambe ndi maphatikizo a Chinyanja chimene amayankhula. Chachiwiri, ophunzira azibwera ndi zowerenga zawo: mabokosi a mankhwala opanda kanthu, malisiti ndi makalata a kusukulu, mayina ndi manambala achinsinsi atafufutidwa. Chachitatu, funso lizifunsidwa kuwerenga kusanayambe, monga lakuti, "Mwana wa zaka zitatu amwe kangati?" Chachinayi, yankho lololedwa likhale la m'Chinyanja kapena lochita, pakuti chimene chikuyesedwa ndi kumva, osati katchulidwe. Kuwerenga mokweza mwachigulu kumabisa ophunzira amene amatchula bwino mawu osadziwa tanthauzo lake.

7. Mawu Omaliza

Taona kuti Chingerezi cholembedwa cha m'makomboni chili ndi malire odziwika, ndi kuti khomo lolowera m'menemo ndi Chinyanja. Ntchito imene ili patsogolo pa akatswiri a ziyankhulo, makamaka a pa yunivesite ya Zambia, yomwe inayandikana ndi Kalingalinga, ndi yosonkhanitsa zolembedwa za m'zipatala, m'misika ndi m'mafoni, kuwerengera mawu opezeka kawirikawiri, ndi kuwagawa pawiri: obwerekedwa kale ndi osabwerekedwa. Mndandanda wotere ungapatse aphunzitsi a ana ndi a sukulu za kwacha poyambira podalirika.