Khofi wa ku Nchenachena: kusamala chilengedwe ndi kumene kumapezera mlimi msika

Alimi ang'onoang'ono a khofi a ku Nchenachena m'boma la Rumphi ali m'gulu la anthu ochepa m'dziko muno amene malonda awo amadalira umboni woti sakuwononga chilengedwe komanso sakudyera anzawo masuku pamutu. Mlimi wa chimanga kapena soya akafika pamsika, wogula amangoona sikelo ndi kuuma kwa mbewu. Koma wogula khofi wa ku Ulaya, America kapena Japan amafunanso kudziwa munda umene khofiyo wachokera, mankhwala amene anathiridwa, kumene madzi otsukira anatayidwa ndiponso amene anathyola zipatsozo.

Nchenachena ili m'munsi mwa mapiri a Nyika chakum'mawa, pamsewu wochokera ku Njakwa kupita ku Livingstonia. Derali ndi lokwera, lozizira ndipo limalandira mvula yambiri, zinthu zimene khofi wa mtundu wa Arabica amafuna. Unduna wa Zaulimi uli ndi ofesi ya alangizi m'derali, komanso malo ochitira kafukufuku amene ndi nthambi ya Lunyangwa ya ku Mzuzu. Alimi ambiri a kuno ali ndi minda yaing'ono ya m'malo otsetsereka, ndipo khofi amalimidwa pamodzi ndi nthochi, chimanga, nyemba ndi chinangwa. Munda uliwonse ndi bizinesi ya banja limodzi.

Khofi anafika m'dziko muno mu 1878 kudzera kwa amishoni a ku Scotland amene anakhazikika ku Blantyre. Minda ikuluikulu ya azungu ya ku Blantyre ndi Zomba inachita bwino kwa kanthawi, koma inalowa pansi chaka cha 1900 chitangodutsa kaamba ka tizilombo, kuguga kwa nthaka ndi kutsika kwa mitengo pamene dziko la Brazil linadzaza msika. M'chigawo cha kumpoto ulimiwu unakhazikika m'manja mwa alimi ang'onoang'ono kuyambira m'zaka za m'ma 1930, makamaka m'mapiri a Misuku ku Chitipa, ndipo unafalikira ku Phoka ndi Viphya.

Mu 1971 boma linakhazikitsa bungwe la Smallholder Coffee Authority kuti lizipereka ulangizi ndi ngongole komanso kugula khofi yense wa alimiwa. Bungweli linamira m'ngongole, ndipo gawo limene linkafika kwa mlimi pa mtengo wogulitsira kunja linali lochepa. Zinthu zinaipiraipira pamene mgwirizano wa mayiko wowongolera kuchuluka kwa khofi pamsika unatha mphamvu mu 1989. Alimi ena anangosiya minda yawo kuti imere thengo. Mu 1999 bungweli linasinthidwa kukhala Smallholder Coffee Farmers Trust, ndipo mu 2007 linasanduka Mzuzu Coffee Planters Cooperative Union, mgwirizano wa makopaletivi umene eni ake ndi alimi. Kopaletivi ya Phoka, imene alimi a ku Nchenachena amagulitsirako khofi wawo, ndi imodzi mwa makopaletivi amene anayambitsa mgwirizanowu pamodzi ndi a Misuku, Viphya North, Nkhata Bay Highlands ndi South East Mzimba.

Mbiri imeneyi ikusonyeza chinthu chimodzi chofunika. Dziko la Malawi silingapikisane ndi Brazil kapena Vietnam pa kuchuluka kwa khofi, chifukwa zokolola zathu zonse ndi kadontho chabe pamsika wa dziko lonse. Njira yokhayo imene inatsala ndi kugulitsa khofi wochepa koma wokoma, kwa ogula amene amalipira mtengo wokwera chifukwa akudziwa kumene wachokera. Apa ndi pamene nkhani ya chilengedwe imasanduka nkhani ya ndalama.

Tiyambe ndi munda. Mtengo wa khofi umatenga zaka pafupifupi 3 kuti uyambe kubereka, ndipo ukasamalidwa bwino umakhala zaka 20 kapena kuposerapo. Mlimi amene waubzala pamalo otsetsereka sangalole kuti madzi a mvula akokolole nthaka, chifukwa akatero ndiye kuti wataya ntchito ya zaka zambiri. N'chifukwa chake alangizi amalimbikira mizere ya akalozera, udzu wa vetiva m'mphepete mwa mizereyo, ndi kuphimbira nthaka ndi udzu kapena masamba a nthochi. Khofi wa Arabica amakondanso mthunzi wapakatikati. Pansi pa nthochi ndi mitengo monga mtangatanga, zipatso zimapsa pang'onopang'ono ndipo njere zake zimakhwima bwino, pomwe mtengo wa padzuwa umabereka mopyola muyeso kenako n'kuyamba kuuma nthambi. Choncho mlimi wa khofi ali ndi chifukwa chosungira mitengo m'munda mwake. Izi n'zosiyana ndi fodya, amene amalimidwa kwambiri kumunsi m'chigwa cha Henga ndi ku Bolero, ndipo amafuna mitengo ya zigafa kapena nkhuni zowotchera chaka ndi chaka.

Nkhani ya mankhwala ndi yovutirapo. Adani aakulu a khofi kumpoto ndi matenda owoletsa zipatso, chiwawu cha masamba, ndi mbozi yoyera imene imaboola thunthu la mtengo. Kale mbozi imeneyi inkagonjetsedwa popaka mankhwala a dieldrin pa thunthu, koma mankhwalawa analetsedwa chifukwa amakhala m'nthaka ndi m'madzi kwa zaka zambiri. Lero mlimi amayenera kuyendera mtengo umodziumodzi, kusalaza khungwa kuti kachilombo kasowe poikira mazira, kupha mbozi ndi waya, ndi kuzula n'kutentha mitengo imene yawonongeka kwambiri. Ndi ntchito yotopetsa, ndipo mlimi mmodzi akanyozera, mbozi zimafalikira kwa anansi ake onse. Pa matenda, thandizo linabwera ndi mtundu wa Catimor 129, umene kuno umatchedwa Nyika. Mtunduwu ndi waufupi, umabereka msanga ndipo umapirira ku chiwawu ndi kuwola kwa zipatso, kotero kuti sufuna kupoperedwa kawirikawiri. Komabe ogula ambiri amakonda kakomedwe ka mtundu wakale wa Geisha, ndipo mlimi amakhala pa mphambano pakati pa mtundu wobereka zambiri ndi mtundu wokoma kwambiri.

Gawo limene anthu a m'maofesi sakonda kuliganizira ndi la madzi. Kuyambira m'mwezi wa Meyi mpaka cha mu Okutobala, alimi amathyola zipatso zofiira zokhazokha n'kupita nazo tsiku lomwelo ku makina osendera a m'dera lawo. Kumeneko zipatso zimasankhidwa, kuyezedwa ndi kusendedwa. Njere zimaikidwa m'matanki kwa tsiku limodzi kapena awiri kuti utomoni wake usungunuke, kenako zimatsukidwa n'kuyanikidwa pa matandala kwa masabata pafupifupi awiri. Zikauma zimatumizidwa ku fakitale ya ku Mzuzu kumene amachotsa khungu lomaliza n'kuziika m'magiredi. Makilogalamu 5 mpaka 6 a zipatso amatulutsa kilogalamu imodzi yokha ya khofi wotumiza kunja. Zotsalazo ndi makoko, utomoni ndi madzi.

Madzi otsukira khofi ndi owawasa, ndipo akalowa mumtsinje amamaliza mpweya umene nsomba ndi nkhanu zimapuma. Amanunkhanso, moti amayi otunga madzi kumunsi amadziwa msanga kuti kumtunda ayamba kusenda. Popeza nyengo yokolola ndi ya chilimwe pamene mitsinje yachepa, vutoli limakula. Njira yovomerezeka ndi kukumba maenje kutali ndi mtsinje kuti madziwo alowe pansi pang'onopang'ono, ndi kuunjika makoko kuti awole n'kubwerera kumunda ngati manyowa. Kuyambira pamene kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mtengo wa feteleza wachititsa kuti makoko amene kale ankatayidwa akhale chuma.

Madzi abwino amenewa amachokera ku Nyika. Malo osungirako zachilengedwewa anakhazikitsidwa mu 1965 ndipo anakulitsidwa mu 1978, pamene mabanja ambiri a Aphoka anasamutsidwa m'malo a makolo awo. Bala limenelo silinapole kwenikweni, ndipo n'zosadabwitsa kuti ena amaona malowa ngati a boma osati awo. Koma makina osendera khofi sangagwire ntchito popanda madzi oyera, choncho moto wolusa ndi kudula mitengo m'magwero a mitsinje zimakhudza thumba la mlimi mwachindunji. Alimi a njuchi a m'makalabu ozungulira Nyika, amene anayamba kuloledwa kupachika ming'oma m'malowa chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, nawonso ali ndi chifukwa chofanana chodana ndi moto.

Funso ndi loti, kodi khama lonseli limalipidwa bwanji? Mgwirizano wa Mzuzu Coffee unalandira chiphaso cha Fairtrade mu 2009. Pansi pa ndondomekoyi, wogula amalonjeza mtengo umene sungatsike ngakhale msika utagwa. Kuyambira mu 2011 mtengowo unali madola 1.40 a ku America pa paundi imodzi ya khofi wotsukidwa wa Arabica, ndipo mu Ogasiti 2023 unakwezedwa kufika pa madola 1.80. Paundi imodzi ndi magalamu 454. Pamwamba pake pamakhala masenti 20 amene amapita ku kopaletivi, ndipo mamembala amagwirizana okha pa msonkhano waukulu momwe angagwiritsire ntchito ndalamazo, kaya pa nazale, makina, sukulu kapena chipatala. Kufunika kwa mtengo wotetezedwawu kunaoneka mu 2001 pamene khofi anatsika pansi pa masenti 50 pa paundi, ndiponso mu 2019 pamene anatsika pansi pa dola imodzi. Mu Febuluwale 2025 mtengo unadutsa madola 4, ndipo pa nthawi ngati imeneyo chitetezocho chimaoneka ngati chopanda ntchito. Alimi akale amadziwa kuti mtengo wa khofi sukhalitsa pamwamba.

Posinthana ndi zimenezi, kopaletivi imayenera kusunga mabuku owerengetsera ndalama, kuchita zisankho, kupewa mankhwala oletsedwa, ndi kuonetsetsa kuti ana sakugwiritsidwa ntchito zowalepheretsa sukulu. Amene akuona ngati nkhani ya ana ndi yongokometsera akumbukire kuti mu Novembala 2019 dziko la America linayamba kutsekereza fodya wa ku Malawi pa madoko ake kaamba ka malipoti a ntchito za ana ndi za ukapolo. Palinso nkhani ya amayi. Kumpoto malo ndi mitengo nthawi zambiri zimakhala m'dzina la bambo, ngakhale kupalira, kuthyola ndi kusenza amachita ndi mayi. Makopaletivi akhala akulimbikitsa kuti amayi akhale ndi mitengo yawoyawo ndi kulembetsa ngati mamembala, ndipo ogula ena anayamba kugula khofi wa amayi payekha pa mtengo wowonjezera.

Sikuti zonse zili bwino. Chiphaso chimalipiridwa chaka ndi chaka, oyendera amabwera ndi mafunso ambiri, ndipo si khofi yense wa chiphaso amene amapeza wogula pa mtengo wa chiphaso. Vuto lalikulu ndi la nthawi. Mlimi amapereka zipatso mu Juni, koma khofi amayenera kuuma, kupita ku Mzuzu, kuyenda ulendo wa ku doko la Dar es Salaam, Beira kapena Nacala, ndipo ndalama zonse zimabwera patapita miyezi. M'kati mwa miyezi imeneyi fizi ya sukulu siyembekeza. Venda akafika ndi ndalama m'manja, mlimi amene anaphunzitsidwa ndi kopaletivi, n'kulandira mbande za kopaletivi, amagulitsa kumbali. Kopaletivi ikasowa khofi wokwanira imalephera kukwaniritsa mgwirizano wake ndi ogula, ndipo khofi wopita kwa venda amasakanizidwa n'kutaya dzina la dera lake. Kumuimba mlandu mlimi pa zimenezi n'kosavuta, koma muzu wake ndi kusowa kwa ngongole za chiwongoladzanja chotsika zoti makopaletivi azigulira zipatso pa nthawi yokolola.

Tsopano pabwera lamulo lina limene maofesi a boma ayenera kulimvetsa. Mu 2023 mayiko a mu European Union anakhazikitsa lamulo loletsa kulowetsa khofi, koko, soya, matabwa ndi katundu wina wochokera pamalo amene nkhalango inadulidwa patadutsa pa 31 Disembala 2020. Tsiku loyambira kugwira ntchito lakhala likusunthidwa, koma zofuna zake sizinasinthe kwenikweni: munda uliwonse uyenera kudziwika malo ake enieni pa mapu a setilaiti. Munda wochepera mahekitala 4 umafuna nambala ya malo amodzi basi, ndipo pafupifupi minda yonse ya ku Nchenachena ili m'gulu limeneli. Komabe pamafunika munthu wokwera phiri ndi foni kapena GPS kukafika pamunda uliwonse, n'kulumikiza nambalayo ndi dzina la mlimi ndi makina amene amasenderako. Khofi wolimidwa pansi pa mitengo akhoza kuoneka ngati nkhalango pa chithunzi cha setilaiti, ndipo mlimi akadulira mitengo ya mthunzi angathe kukayikiridwa kuti wadula nkhalango. Wogula amafunanso umboni woti khofiyo analimidwa motsata malamulo a dziko lochokerako, kuphatikizapo a malo ndi a nkhalango.

Ntchito zimenezi zikugwera maofesi angapo nthawi imodzi: alangizi a zaulimi a ku Nchenachena, ofesi ya zankhalango ndi ya zamalo ku Rumphi, nthambi ya National Parks and Wildlife imene imadziwa malire a Nyika, ndi ofesi yolembetsa makopaletivi ku Unduna wa Zamalonda imene imayendera mabuku motsata lamulo la makopaletivi la 1998. Masomphenya a Malawi 2063, amene anakhazikitsidwa mu Januwale 2021, anaika ulimi wamalonda patsogolo, ndipo khofi ndi imodzi mwa mbewu zimene zimabweretsa ndalama zakunja kudzera m'manja mwa mlimi wa kumudzi. Ku Phoka, kusiyana kwa mapu a ofesi ya zankhalango ndi mapu a kopaletivi pa malire a munda umodzi kungachititse kuti kontena yonse ya khofi, imene imanyamula matani pafupifupi 19 ochokera kwa mabanja ambirimbiri, ikanidwe pa doko la ku Ulaya.