Vaneti imadya malita, sidya makwacha

Pofika 6 koloko m'mawa msewu wa Great East umakhala utadzaza kale. Magalimoto ochokera ku Avondale, Chelstone ndi Chainda amathira onse mumsewu umodziwu kulowera m'tauni ya Lusaka, ndipo pakati pa maminibasi ndi timagalimoto ta opita kumaofesi pamakhala mavaneti: Hilux, D-Max, Ranger, Hardbody. Ina yasenza mabokosi a tomato wochokera kumadimba a ku Chongwe kupita kumsika wa Soweto, ina simenti ndi malata, ina anyamata aganyu ndi mafosholo awo. Amasuntha pang'ono, kuima, kusunthanso, injini zikungolira.

Mukafunsa mwini vaneti kuti galimoto yake imadya bwanji mafuta, yankho limakonda kubwera m'ndalama: ya K500 imandifikitsa Lachinayi. Pamalo omwetsera mafuta chilankhulo ndi chomwecho, munthu amangotsitsa windo n'kunena kuti thirani ya zakuti. Malita amene alowa m'thanki sawayang'ana, makilomita amene wayenda sawalemba. Apa ndi pamene ndalama za anthu ogwira ntchito molimbika zimatayikira popanda woziona.

Mtengo suli m'manja mwathu

Kale kuwerenga m'makwacha kunkatheka chifukwa mtengo unkakhala miyezi yambiri osagwedezeka. Mu December 2021 boma la Zambia linasiya kulipirirako mafuta, ndipo bungwe la Energy Regulation Board linakweza dizilo kuchoka pa K15.59 kufika pa K20.15 pa lita, petulo kuchoka pa K17.62 kufika pa K21.16. Munthu amene ankathira ya K500 ankapeza malita 32 a dizilo. Kutacha, ndalama yomweyo inkamupatsa malita osakwana 25. Malita 7 anapita usiku umodzi galimoto ili chiimire pabwalo.

Kumayambiriro kwa 2022 bungweli linayamba kuunika mitengo mwezi ndi mwezi, potengera mtengo wa mafuta pamsika wa padziko lonse ndi mphamvu ya kwacha poyerekeza ndi dola. Dizilo wambiri wa m'dziko muno amatsikira padoko la Dar es Salaam n'kuyenda m'paipi ya TAZAMA, yotalika makilomita 1,710, mpaka ku Ndola. Paipiyi inatsegulidwa mu 1968, ndipo kwa zaka zambiri inkabweretsa mafuta osayenga kufakitale ya Indeni, kufikira mu 2023 pamene inasinthidwa kuti izinyamula dizilo woyengedwa kale. Pa zonsezi mwini vaneti wa ku Avondale alibe mawu. Chimene chili m'manja mwake ndi chimodzi: mtunda umene lita iliyonse ikumuyendetsa. Koma kwacha imene ikusintha mtengo mwezi uliwonse singapime mtunda umenewo. Amene akudandaula kuti galimoto yayamba kudya mafuta sangadziwe ngati vuto lili m'injini kapena pa chikwangwani cha mitengo.

Kabuku ndi cholembera

Njira yodziwira zoona ndi yakale ndipo silira ndalama. Dzazani thanki mpaka pampu itadula yokha, osawonjezera kanthu pamwamba, ndipo lembani tsiku ndi makilomita amene akuoneka pa dashibodi. Yendani monga mwa masiku onse. Tsiku lodzazanso, lembani malita amene alowa ndi makilomita atsopano. Gawani makilomita amene mwayenda ndi malitawo. Ngati mwayenda makilomita 640 ndipo mwathira malita 64, vaneti yanu ikuyenda makilomita 10 pa lita.

Amene alibe ndalama zodzazira thanki nthawi zonse asataye mtima. Chofunika n'chakuti kuwerenga kuyambe thanki ili yodzaza, kuthere pa thanki yodzazanso, ndipo malita onse othiridwa pakatipo alembedwe, ngakhale atakhala asanu. Lisiti imaonetsa malita, choncho muziipempha. Mapampu amayesedwa ndi bungwe la Zambia Metrology Agency, komabe kudula kwake kumasiyanako pang'ono, motero ndi bwino kudzazira pamalo amodzi, galimoto itaima posapendekeka.

Mavaneti atsopano amaonetsa okha nambala ya kadyedwe ka mafuta pa dashibodi. Nambalayo ndi yongoyerekezedwa ndi kompyuta ya galimoto ndipo imakonda kukometsa zinthu. Chimodzimodzi nambala zimene opanga galimoto amalengeza: zimapezeka poyesa galimoto yopanda katundu m'malo okonzedwa bwino, osati pamzere wa magalimoto wa pa Munali ndi matumba 15 a simenti kumbuyo.

Thanki imodzi siuza munthu kanthu. Kabukuka kali ngati khadi la kusikelo ya ana: kulemera kwa tsiku limodzi sikunena zambiri, koma mzere wa miyezi ingapo ukayamba kutsika, mayi amadziwa kuti mwana akufunika chipatala asanagone n'komwe. Pakatha mathanki asanu kapena asanu ndi limodzi mwini galimoto amakhala atadziwa nambala yake yeniyeni, ndipo kusintha kulikonse kumaonekera.

Zimene kabuku kamaulula

Choyamba kuonekera ndi msewu. Kuchoka ku Avondale kupita ku Cairo Road ndi makilomita ongopitirira 10, koma ulendo wa m'mawa umatha dizilo wochuluka pa kilomita kuposa ulendo wopita ku Chongwe. Injini yozizira imadya kwambiri, kunyamuka ndi kuima kumadya kwambiri, ndipo galimoto yolira itaima ikuwotcha mafuta popanda kuyenda ngakhale phazi limodzi. Milatho yodutsa pamwamba ya pa Munali, Arcades, Longacres ndi Makeni, imene inamangidwa pakati pa 2018 ndi 2021, inachepetsako kuthithikana, koma nthawi yopita ndi yoweruka kuntchito mzere ulipobe. N'chifukwa chake m'kabuku muyenera kukhala malo olembapo kuti thanki iyi inathera m'tauni kapena pa ulendo wautali, ndi katundu kapena yopanda.

Ulendo wautali nawo uli ndi zake. Kupita ku Chipata ndi makilomita pafupifupi 570, ndipo mapiri a Manenekera, musanafike pamlatho wa Luangwa, amafuna magiya aang'ono. Pamalo oongoka mdani ndi liwiro: mphepo imene galimoto imalimbana nayo imakula msanga kuposa liwirolo, moti kuthamanga pa 120 kumadya dizilo wambiri kuposa pa 90, makamaka katundu akatundumuka pamwamba pa denga.

Nyengo nayo imalemba dzina lake. M'miyezi ya mvula muli matope, maenje ndi madzi osefukira m'misewu. M'mawa wa June ndi July injini imachedwa kutentha. Kuyambira August mpaka October fumbi limatseka fyuluta ya mpweya, ndipo kutentha kwa October kumachititsa anthu kuyatsa choziziritsa tsiku lonse. Amene wasunga kabuku chaka chathunthu amayerekeza October uno ndi October wa chaka chatha, osati ndi May.

Nambala ikatsika popanda chifukwa cha msewu, katundu kapena nyengo, galimoto ikunena kuti yadwala. Yambani ndi zotchipa: mpweya wa m'matayala, fyuluta, mabuleki ogwira okha, mawilo osaongoka, giya ya mawilo anayi yoiwalika pamsewu wa phula. Izi zikakhala bwino ndi pamene makaniko angakambe za mainjekita. Kumbukiraninso kuti matayala aakulu kuposa amene anabwera ndi galimoto amachititsa dashibodi kuwerenga makilomita ochepa kuposa enieni, choncho tsiku losintha matayala lilembedwe.

Kusiyana kwake kumaoneka kochepa koma kumaluma. Vaneti yoyenda makilomita 2,000 pamwezi imafuna malita 200 ikamayenda makilomita 10 pa lita. Ikatsikira pa 9 imafuna malita 222. Pakutha pa chaka malita owonjezerawo amapitirira 260, kuposa mathanki atatu odzaza a Hilux ya malita 80.

Pakati pa bwana ndi dalaivala

Mavaneti ambiri sayendetsedwa ndi eni ake, ndipo nkhani ya mafuta yadanitsa anthu ambiri amene akanatha kugwirizana. Bwana akaona ndalama zikutha msanga, maganizo amathamangira kwa dalaivala kuti akupopa dizilo kapena akupanga maulendo ake. Nthawi zina zimakhala zoona. Nthawi zambirinso mtengo wangokwera, kapena tayala lili ndi msomali, kapena dizilo wina analowa m'chigubu. Mu 2024, chilala chitatsitsa madzi a ku Kariba ndipo magetsi akuzima maola ambiri pa tsiku, mabanja ndi mabizinesi ambiri ankagula dizilo wa jenereta pa lisiti imodzi ndi wa galimoto. Malita otere akapanda kulembedwa padera, galimoto ndi dalaivala amasenza mlandu wosawakhudza. Kabuku kamene onse awiri amakaona kamateteza dalaivala wokhulupirika ndipo kamamupatsa bwana umboni m'malo mwa mphekesera.

Phindu lalikulu limabwera pa kutchula mtengo wa ntchito. Amene amachita hayala, kututa njerwa ku Chalala kapena kukatenga chimanga ku Petauke, nthawi zambiri amatchula mtengo mongoganizira, n'kudzazindikira mochedwa kuti wagwirira ntchito dizilo. Amene amadziwa nambala ya galimoto yake sachita kulota. Ulendo wa ku Chipata kupita ndi kubwera ndi makilomita 1,140. Pa makilomita 10 pa lita ndi malita 114, pa 9 ndi malita 127. Mtengo watsopano ukalengezedwa, iye amachulukitsa malitawo ndi mtengowo, n'kuwonjezera za matayala, oyilo, zipata zolipira ndi thukuta lake, ndipo amatchula mtengo umene angauteteze pamaso pa kasitomala aliyense.